Kudikira mvula pamodzi ndi nsomba za m'Luangwa

Lolemba usiku, ku Mfuwe

Ndafika. Minibasi inanyamuka pa Kapata cha m'ma 10 koloko, itadzaza mpaka kondakitala anayenda chowerama pakhomo. Kuchoka ku Chipata kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 130, msewu wake wa phula, koma thupi latopa ngati ndabwera wapansi. Chimene chimakuuza kuti watsikira m'chigwa ndi mphepo yolowa pawindo. Ukangopitirira kwa Jumbe imayamba kuwotcha ngati yochokera m'ng'anjo ya njerwa. Misuku ya kwathu kumtunda imatha, kumayamba tsanya wopanda tsamba ndi milambe. Mtsinje wa Lupande ndauona uli mchenga wokhawokha, azimayi atakumba zitsime pakati pake nkumatunga ndi zikho.

Ondidziwa mukudziwa kuti ndili ndi maiwe awiri a nsomba kudimba, kunja kwa tauni. Chino ndi chaka chachinayi ndikuweta mphende, ndipo cholembedwa chilichonse chokamba za nsomba ndikachipeza sindichisiya. Amalume, amene anayamba kupha nsomba m'Luangwa ali mnyamata, saleka kundinena. "Mphwanga, zako zija ndi nkhuku za m'madzi, zimadikira gaga. Bwera mu Okutobala madzi atachepa, udzaone nsomba zodzifunira zokha moyo. Nthawi imeneyo mtsinje subisa kanthu." Chaka chino ndawamvera.

Anandichingamira pa Cropping. Dzinali linatsala kuchokera m'zaka za m'ma 1960, pamene boma linkapha njovu ndi mvuu zina kuti zichepe, nyama yake nkumaikonzera pomwepo. Kuchoka apo tinapalasa njinga mpaka kumudzi, m'dera la Mfumu Kakumbi. Tadya nsima ndi mlamba wowamba wotendera, ndipo ndikulemba izi ndili pamphasa panja, popeza m'nyumba simukulowereka. Kumtsinje mvuu zikulira.

Lachiwiri

Tinalawirira kupita ku dziwe lina la tsidya lino, kunja kwa paki. Tsidya linalo ndi South Luangwa National Park, ndipo kumeneko mbedza kapena ukonde ndi mlandu.

Maiwe a kuno sanakumbe ndi munthu. Luangwa ndi mtsinje wosakhala malo amodzi. Umachokera ku mapiri a Mafinga, kufupi ndi malire a Malawi, nkuyenda makilomita oposa 700 kukathira mu Zambezi ku Feira, moyang'anana ndi Zumbo. M'chigwa muno umadutsa pa dothi lofewa, ndiye umakhotakhota: kunja kwa khona umagumula gombe, m'kati mwa khona umaunjika mchenga. Khona likapindika kwambiri, chaka china madzi amangodula njira yachidule, khona lakale nkutsala palokha ngati chikwakwa choiwalidwa m'tchire. Lina lotchuka amalitcha Luangwa Wafwa, kunena kuti Luangwa wakufa. Amalume dzinali sagwirizana nalo. Akuti madzi saiwala khwawa, pofika Febuluwale mtsinje umabwerera m'maiwe onsewa kudzatenga ana ake.

Dziwe limene tinapitako, akuti mu Epulo sungaponye mwala nkufika tsidya lina. Lero latsala ngati bwalo la mpira wamanja, madzi ake ngati phala la mawere. Ndili patali ndinkayesa akuwira. Nditayandikira ndinaona kuti ndi mitu ya milamba, mazanamazana, uliwonse ukutuluka, kuyasamula, kumeza mpweya, nkumiranso. Adokowe a milomo yachikasu anali atandanda m'madzimo, mlomo uli yasa m'matope, phazi limodzi likuvundula pansi. Mbalame imeneyi sisaka ndi maso. Kanthu kakangokhudza mlomo, khapu, kapita. M'mbali munaima adokowe akuluakulu a dazi aja, osafulumira, ndipo pamtengo panali nkhwazi ziwiri.

M'mphepete monse munali mphende zakufa, mimba zili m'mwamba. Chazipha ndi kubanika. Madzi akatentha amasunga okosijeni wochepa, ndipo kuno masana kutentha kumapitirira madigiri 40. Pansi pakuwola ndowe za mvuu ndi masamba, ndipo kuwolako kukudya mpweya womwewo umene nsomba zikulimbirana. Izi ndimaziona ngakhale kudimba kwanga. Mbandakucha wa tsiku lotentha ndi pamene mphende zimabwera pamwamba nkumayasamula, chifukwa usiku wonse ndere zimakhala zikutenga mpweya osabwezera.

Nanga mlamba umapulumuka bwanji? Masana, akazi awo a amalume akukonza ndiwo, ndinawapempha kuti, "Amayi, mundibwerekeko mutu umodzi ndi mpeni." Ndinatsegula fupa la pamwamba pa ziwalo zofiira zija zimene nsomba imapumira m'madzi. M'katimo, mbali zonse ziwiri, muli kanthu konga kamtengo ka nthambi zambirimbiri, kofiira psu ndi magazi. Kameneko ndiko kamatenga okosijeni mu mpweya umene mlamba wameza. Ndinali nditakaona pa zithunzi zokha, lero ndakagwira ndi chala, kofewa ngati chiwindi cha nkhuku. Amayi aja anasuzumira nati, "Zaka zonsezi ine ndimangokolopola nkuponyera agalu." Chifukwa cha kamtengo kameneka, bola khungu likhale lonyowa, mlamba umatha maola ambiri kunja kwa madzi, ndipo usiku wa mvula umakwawa paudzu, kudzikankha ndi minga ya zipsepse za m'mbali, kuchoka dziwe lina kupita lina.

Lachitatu

Ukonde tinautchera dzulo madzulo pa khona lakuya, ndiye lero tinapita kukaonjola nthanda itangotuluka. Amalume kumbuyo ndi nkhafi, msuweni wanga kutsogolo, ine pakati, atandiuza kuti ndisagwedezeke ndiponso dzanja lisalendewere m'madzi. Ng'ona za kuno si zamasewera. Pakapita kanthawi amalume ankagogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi, go, go, go, kuti mvuu zimve nkutulutsa mitu tidziwe pamene zili. Mvuu yoopsa ndi imene sunaione.

Asodzi amaziopa mvuu, zimang'amba maukonde ndi kugubuduza mabwato, komabe amalume akuti pamene palibe mvuu nsomba zimachepa. Ndikugwirizana nawo. Mvuu imodzi imadya udzu pafupifupi makilogalamu 40 usiku umodzi kumtunda, nkubwera kudzachita chimbudzi m'madzi. Ndiye kuti tsiku ndi tsiku zikututa chonde cha kumtunda kudzathira mumtsinje. Ndowe zimenezo zimadyetsa ndere ndi tizilombo, tizilomboto nkudyetsa nsomba. Ndowe zomwe dzulo ndinaziona zikubanikitsa nsomba m'dziwe lotsekeka, muno m'madzi oyenda ndi chakudya.

Zoyamba kutuluka mu ukonde zinali nkholokolo, zambiri, zitadzikola moti msuweni ankachita kulankhula yekha pozimasula. Nsombayi ikagwidwa imaimika minga itatu, umodzi pamsana, iwiri m'mbali, nkuikhoma kuti gwa. Minga ya m'mbaliyo ili ndi mano ngati sowo. Ndinaigwira imodzi monga anandionetsera, zala kumbuyo kwa minga, ndipo inayamba kulira, kwii, kwii, kwii, kulirako ndikukumva m'dzanja momwe. Silira ndi pakamwa ayi. Ndi tsinde la munga wa m'mbali limene limakhuzana ndi fupa la paphewa. Mbalame kapena nsomba yaikulu ikameza nkholokolo mosasamala, minga ija imaima pakhosi.

Kenaka mphuta zingapo, za kamlomo kang'ono ndi chibwano chotupa. Nsomba zimenezi zimatulutsa magetsi ofooka kuchokera kufupi ndi mchira, ndipo khungu lake limamva mmene magetsiwo akupindikira pa mwala, pa muzu kapena pa nyongolotsi. Umo ndi mmene zimayendera usiku m'madzi a matope ngati awa, ndiponso mmene zimazindikirirana zokhazokha. Magetsi ake munthu sungawamve. A nyesi ndiye ena. Msuweni anangoti "mayo!" nkutaya ukonde, bwato lonse kupendama. Inali nyesi yonenepa, yoterera, ya timaso ting'onoting'ono. Chiwalo chake cha magetsi chili pansi pa khungu, chakuta pafupifupi thupi lonse ngati juzi, ndipo yaikulu imatha kutulutsa mavolti oposa 300, pamene a m'nyumba zathu ndi 230. Kungoti ake amabwera mwa kamphindi chabe. Ndi mawu omwewo amene timanena waya akatigwira, kuti wandimenya nyesi.

Mcheni unali umodzi wokha, koma wokongola: mamba asiliva, mizere yakuda m'litali, mchira wofiirira. Mano ake amalowana ngati zala za manja awiri, ndipo akatha amagwa nkumera ena. Mcheni sungaupeze m'dziwe ngati ladzulo lija, umafuna madzi oyenda a mpweya wambiri. Ndinawauza amalume kuti ku South Africa, pa damu la Schroda, ofufuza anajambula micheni ikudumpha nkugwira anamzeze akuuluka, nkhani yake inatuluka mu 2014. Iwo sanadabwe. Anangoonetsa chipsera cha pa chala chawo chamkombaphala.

Chimene chandikhala pamtima ndi mphende ina imene tinaipeza itafa kale mu ukonde. Msuweni ataiponya m'bwato, m'kamwa mwake munakhuthuka mazira achikasu, ngati njere za mapira. Ndinayamba kuwerenga, ndinalekeza nditapitirira 200. Mphende yamphongo imakumba chisa ngati mbale pa mchenga, yaikazi nkuikira mazira mmenemo, kenaka kuwatola onse ndi pakamwa. Imakhala nawo pafupifupi milungu iwiri osadya, ikuwatembenuza kuti apeze mpweya, ndipo ngakhale ataswa, tiana timathawira m'kamwa momwemo tikaona mdani. Zonsezi ndimazidziwa, ndi ntchito yanga. Koma kuona mazirawo akuuma pa thabwa dzuwa likutuluka, ndinakhala chete mpaka kugombe.

Lachinayi

Lero sitinapite kulikonse. Dzuwa linali loswa mtengo. Tinakhala pansi pa mango, amalume akusoka ukonde.

Ndinawafunsa chaka chimene anapha nsomba zambiri kuposa zaka zonse. Sanachedwe kuyankha: miyezi yotsatira chigumula cha 2007. Madzi analowa m'midzi, nyumba zina zinagwa, minda inapita. "Chimanga tinalira, mphwanga, koma nsomba tinachita kutopa nako kuwamba."

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mtsinje uno. Nsomba zambiri za m'Luangwa sizibadwira mumtsinje weniweniwo. Mvula ikagwa kumtunda, kwathu ku Chipata, ku Lundazi, ku Chama, madzi amakwera nkusefukira m'madambo. Milamba, micheni, njole ndi matemba zimatsata madzi atsopanowo. Mlamba umaikira usiku pa udzu womira, mazira amamatirira ku udzuwo nkuswa pasanathe masiku awiri. Padambo madzi ndi osaya, ofunda, odzaza tizilombo, ndiponso pali pobisala. Tiana timakula msanga, ndipo madzi akayamba kuphwa mu Epulo timatsika nawo. Chaka chimene madzi afalikira patali nakhalitsa, nsomba zimachuluka. Chaka cha chilala ukonde umabwera wopepuka.

N'chifukwa chake ndinakondwa mu 2019 pamene boma linaimitsa ganizo lomanga damu la magetsi pa mtsinje uno, pamalo otchedwa Ndevu Gorge, anthu a m'chigwa ndi mabungwe oteteza zachilengedwe monga WWF atadandaula. Sindikunena mopepuka. Kuzima kwa magetsi ndimakudziwa, chaka cha 2024 tinkakhala tsiku lathunthu mumdima. Koma ku Kafue Flats, madambo a mtsinje wa Kafue, chimangidwire damu la Itezhi-Tezhi m'zaka za m'ma 1970, madzi amabwera pa nthawi imene makina akuwafuna. Luangwa ndi umodzi mwa mitsinje ikuluikulu yochepa kum'mwera kwa Africa imene ikusefukirabe pa nthawi yake.

Lachisanu

Agogo ena oyandikana nyumba ndi amalume anamva kuti ndikufunsafunsa za nsomba, ndiye m'mawa anabwera ndi khasu. "Tiye mdzukulu, ndikakuonetse nsomba ya kumunda." Tinayenda mpaka padambo louma, makande atang'ambika ming'alu yolowa phazi. Madzi panalibe ngakhale dontho. Iwo ankayenda chowerama, maso pansi, mpaka anaima pa kabowo kosalala m'mbali, kongolowa chala. Anayamba kukumba mozungulira, pang'onopang'ono, ngati akukumba chinangwa choti chisathyoke.

Atafika pafupifupi pa chigongono anatulutsa chibuma nkuchiswa ndi manja. M'kati munali kathumba kofiirira, kopyapyala ngati khungu la anyezi. Atakang'amba ndinaona nsomba itadzipinda pawiri, mchira utaphimba kumutu, yonyowa, yamoyo. Anaitcha dowe. Kwathu dowe ndi chimanga chachiwisi, koma m'zigwa zotentha za Zambezi ndi Shire dzinali ndi la nsomba imeneyi.

Dowe ali ndi mapapo enieni. Ukamutsekera pansi pa madzi osamulola kutulutsa mutu amamira nkufa. Dambo likayamba kuuma amaboola matope ndi pakamwa, nkudzipinda, thupi nkutulutsa zoterera zimene zimauma kukhala kathumba kaja, kusiya kampata kolunjika kukamwa. Mpweya umatsika pa kabowo kamene agogo anakaona. Mtima umagunda mwa apo ndi apo, thupi limadya minofu yake yomwe pang'onopang'ono, ndipo zoipa zimasungidwa m'thupi mpaka madzi adzabwere. Amakhala choncho miyezi yonse ya chilimwe. Tinamuika m'beseni la madzi kunyumba. Kwa nthawi yaitali anali zii. Kenaka anadziwongola, zipsepse zake zinayi zonga zingwe zinayamba kuyenda, anakweza mphuno pamwamba nkumeza mpweya. Ana onse a pamudzi anakuwa.

Pobwerera ndinkaponda makande aja mwaulemu, chifukwa ndikudziwa kuti muli enanso amene akudikira. M'chigwa muno muli kansomba kosaposa chala, kamene akatswiri anakalemba m'mabuku mu 2010 nkukatcha Nothobranchius boklundi. Kamakhala m'zithaphwi za mvula zokha. Katamphongo kamawala mitundu ngati chitenje chatsopano. Moyo wake ndi dzinja limodzi: kamaswa, kukula m'milungu yochepa, kuikira mazira m'matope, chithaphwi chikauma makolo onse nkufa. Mtundu wonse umatsala uli mazira m'dothi louma. Munthu akhoza kuumba njerwa pa chithaphwi chotero osadziwa chimene wawotcha.

Loweruka

Lero mtima wanga suli m'malo. Popita kumtsinje tinapeza mayi wina ndi anyamata ake awiri akukoka neti ya udzudzu m'kadziwe. M'beseni munali tinsomba tosaposa chikhadabo. Ndinatapako dzanja limodzi nkuyang'anitsitsa. Matemba analimo, inde, amene ngakhale atakula amakhala aang'ono, koma pakati pawo panali tiana ta mphende tambirimbiri, timene tikanadzakhala nsomba zodzaza mbale. Ndinati, "Mayi, izi bwenzi mutazisiya zikule." Anandiyang'ana osakwiya nati, "Nanga madzulo ano ana adyera chiyani, bambo?" Ndinasowa choyankha, ndipo mpaka pano ndikuchisowa. Dziwe limenelo liuma ndithu mvula ikachedwa, tinsombato nkudyedwa ndi mbalame. Koma neti yomweyo mu Januwale imakakokedwa padambo pamene nsomba zikuswa, ndipo usiku ana aja akugona osafunda neti m'dera la malungo.

Amalume ukonde wawo ndi wa maso olowa zala zitatu, ndipo katupe amadana naye kwambiri. Akuti wothira katupe amapha dziwe lonse kuti atole dengu limodzi. Chiletso cha boma, choyamba pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, amachisunga, ngakhale amadandaula kuti miyezi imeneyo ndiyonso ya njala. Ine ndikuona kuti chiletsocho chinaikidwa pa nthawi yoyenera kwa nsomba zoswa m'madzi osefukira, ngakhale mphende ija ya Lachitatu yandionetsa kuti zina zimayamba kale madzi akangofunda.

Koma sindingaloze chala mayi uja ndekha ndili mbuu. Chaka chathachi dziwe langa limodzi linasefukira usiku, nsomba zambiri zinapita ndi madzi kukalowa mumtsinje wa kumunsi kwa dimba. Ndinadandaula ndalama zokha. Mbewu ya nsombazo ndinagula osafunsa mtundu wake. Mphende yeniyeni ya m'Luangwa ndi Zambezi wapakati, Oreochromis mortimeri, ili pa mndandanda wa nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo chachikulu chimene chaipha ndi mphende ya ku Nile yothawa m'maiwe oweta, imene imailanda malo ndi kuswana nayo. Ku Kariba zachitika kale. Madzi a Lunkhwakwa ndi Lutembwe, mitsinje ya kwathu ku Chipata, amathera kuno. Dothi la m'madimba athu olimidwa mpaka m'mphepete mwa mtsinje limatheranso kuno, kudzakwirira maenje akuya amene nsomba zimabisalamo mu Okutobala. Ndawauza amalume zonsezi. Anangoti, "Ukafika ukakweze khoma la dziwe lako, ndipo potulukira madzi ukaikepo sefa." Ndikachita zimenezo mvula isanakhazikike.

Lamulungu

Yagwa! Inayamba cha m'ma 2 koloko usiku ndi chimphepo chimene chinasasula udzu pa khola la mbuzi, kenaka inakhuthuka kwa maola awiri. Tinathawira m'nyumba ndi mphasa zathu, tonse tikuseka ngati ana.

Kutacha, anthu asanapite ku tchalitchi, ine ndi msuweni tinathamangira ku dziwe lija la Lachiwiri, matope akukakamira ku mapazi. Ming'alu ya makande yayamba kutsekeka. Dziwe silinakule kwenikweni, amalume akuti iyi ndi yongozimitsa fumbi, mtsinje udzayamba kukwera mu Disembala. Koma kumpoto kwake kakhwawa kena kanali kakuthira madzi ofiira, osafika n'pa kakolo pomwe. Milamba yonse inali itasonkhana pamenepo, mitu italoza kumene madzi akuchokera, ndevu zili pamwamba, ikukankhana. Umodzi unakwera m'kakhwawako, msana wonse uli pamtunda, nkuyenda chokwawa mpaka unalowa m'udzu. Wina unatsatira.

Dowe uja agogo sanamudye. Ana anawachonderera, ndipo m'mawa uno amunyamula m'beseni kukamusiya ku dziwe. Ine minibasi ya ku Chipata ndikwera mawa 5 koloko, m'chikwama muli milamba isanu yowamba imene amayi andikulungira m'nyuzipepala.